Mmene Ndinalumikizira Gitala ya Magetsi Yobwera M'zidutswa Kuno ku Chipata

Chiyambireni kuimbira kwaya ya ku tchalitchi kwathu ndi gitala imene ndinalumikiza ndekha, anyamata ambiri okonda zoimbaimba akhala akundifunsa ngati nawonso angathe kuitanitsa kiti ya gitala ya magetsi pa intaneti n'kuipangira pakhomo. Ndimawayankha kuti angathe ndithu, koma adziwiretu pamene pagona ntchito. Kumanga khosi ku thupi la gitala ndi kuika zitsulo zake m'malo mwake n'kosavuta kwa aliyense amene anagwirapo sikuludiraiva. Chimene chimasiyanitsa gitala yokoma m'manja ndi ina yopweteka zala komanso yolira mophonya ndicho kuyeza ndi kusintha tinthu ting'onoting'ono, chilichonse pa nthawi yake, ndipo kuno kwathu nyengo imachititsa kuti kuyezako kuzibwerezedwa.

Kiti imene ndinagula ndi yotengera maonekedwe a Stratocaster, gitala imene kampani ya Leo Fender inatulutsa ku America mu 1954. Ndinasankha mtundu umenewu dala, chifukwa khosi lake silimatidwa ndi guluu koma limamangidwa ndi masikuluwu anayi odzera pa kachitsulo ka kumbuyo, choncho munthu angathe kulimasula ndi kulikonza pamene sanakhutire. M'katoni munali thupi losapentedwa, khosi la mtengo wa maple lokhala kale ndi mafureti (timizere tachitsulo topingasa khosi), pickguard (chivundikiro cha kutsogolo kwa thupi) yokhala ndi mapikapu (timaginito totola mawu a nsambo) atatu olumikizidwa kale, bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi), zochunira nsambo zisanu ndi chimodzi, ndi timapepala ta pulasitiki todzaza masikuluwu. Katunduyo anafikira ku Lusaka kudzera mwa anthu otumiza katundu, kenako anabwera pa basi mu Great East Road. Amene akufuna kiti n'cholinga chopulumutsa ndalama awerengetse bwino asanalipire, pakuti mukaphatikiza mtengo wotumizira, msonkho, penti, sandipepa ndi nsambo zabwino, ndalamazo zimayandikira mtengo wa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito. Phindu lake lenileni ndi lakuti mumaidziwa gitala yanu mkati ndi kunja, ndipo ikavuta simusowa pogwira.

Amalume anga ndi kalipentala ku Kapata, ndipo ndi kwa iwo kumene ndinapita ndi katoniyo. Atalitembenuzatembenuza thupi lija m'manja, anati: "Mphwanga, thabwa ili lachokera kutali, kumene mpweya wake si wathu. Ulisiye m'nyumba masiku angapo lizolowere, usanaliboole kapena kulipaka kanthu." Ndinafunsa kuti: "Amalume, kodi si louma kale?" Iwo anandiuza kuti thabwa louma limapumabe, ndipo mawu amenewo ndinadzawamvetsa bwino mvula itayamba.

Masiku odikirawo ndinawagwiritsa ntchito poyeza. Pa gitala ya mtundu wa Fender, mbali ya nsambo imene imalira, kuchokera pa nut (kanthu ka timipata kodutsamo nsambo kumutu kwa khosi) kufika pamene nsamboyo yakhala pa bridge, ndi yotalika mamilimita 648, kapena kuti mainchesi 25 ndi theka. Fureti ya 12 imakhala pakati penipeni, choncho kuchokera m'mphepete mwa nut kufika pamwamba pa fureti imeneyi payenera kukhala mamilimita 324, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa saddle (kachitsulo ka pa bridge kokhalapo nsambo) ya nsambo yopyapyala kwambiri payenera kukhalanso chimodzimodzi, pakatsala mpata woti saddle ibwerere m'mbuyo pang'ono. Makiti otengera magitala a Gibson amakhala aafupiko, pafupifupi mamilimita 628, koma lamulo la fureti ya 12 silisintha. Ngati maenje a bridge anabooledwa pamalo polakwika, muzindikire panopa, thabwa likadali loyera, chifukwa n'kosavuta kutseka dzenje ndi kamtengo ndi guluu n'kuboola lina penti isanapakidwe.

Chachiwiri chimene ndinayeza ndicho kuongoka kwa khosi. Ndinalilowetsa m'malo ake, n'kulipana ndi kilampu ya amalume nditaika kathabwa kofewa pakati kuti mafureti asaphwanyike, ndipo ndinakoka ulusi uwiri kuchokera pa nut kufika pa bridge, wina pamene padzadutsa nsambo yaikulu ndi wina pamene padzadutsa yaing'ono. Ulusi uliwonse uyenera kusiya mpata wofanana ndi unzake kuchokera m'mphepete mwa khosi mpaka ku fureti yomaliza. Pa kiti yanga ulusi wa nsambo yaing'ono unayandikira kwambiri m'mphepete, ndipo zikanakhala choncho nsamboyo ikanamaterereka kugwera kunja poimba. Kungolikankha khosilo pang'ono chammbali kunathetsa vutolo, ndipo pamenepo m'pamene tinaika zizindikiro ndi kuboola maenje anayi a m'khosi. Amalume anakulunga katepi pa msomali woboolera posonyeza pamene uyenera kulekezera, poopa kutulukira kutsogolo kwa khosi. Anakulitsanso pang'ono maenje a m'thupi kuti sikuluwu izidutsamo momasuka n'kukaluma m'khosi mokha, chifukwa ikaluma matabwa onse awiri siingathe kuwakokera pamodzi molimba.

Za penti sindichulukitsa mawu, pakuti aliyense ali ndi mtundu wa kumtima kwake. Ndinakwecha thupilo ndi sandipepa ya nambala 180, kenako 240, n'kumalizira 320, motsata mizere ya thabwa, ndipo ndinaphimba ndi tepi malo olowa khosi kuti penti isawachepetse. Chofunika kwa ife a kuno kum'mawa ndicho kusankha nyengo. Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mumpweya mumakhala chinyezi chimene chimachititsa vanishi wopopera kuoneka mbuu ngati muli nkhungu mkati, pamene mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi phulusa la lupsa zimamatirira pa penti yaiwisi. Ine ndinapopera m'nyengo yozizira, chakumasana dzuwa litatentha, m'chipinda chimene ndinawaza madzi pansi kuti fumbi lisabuke. Muzipopera mopyapyala kambirimbiri, ndipo mukamaliza mulipachike thupilo milungu ingapo, chifukwa penti imene yauma pamwamba imakhala ikadali yofewa mkati ndipo masikuluwu amaikwinya. Kumbuyo kwa khosi ndinangopaka mafuta a linseed mopyapyala kuti dzanja liziyenda bwino ngakhale pa thukuta. Sanza zimene mwapakira mafuta amenewa muziyanike panja zotambasula, musaziunjike m'ngodya, chifukwa zikamauma zimatentha ndipo zingathe kuyaka zokha.

Pamene penti inali kuuma ndinatembenukira ku mafureti, ndipo apa m'pamene makiti otsika mtengo amaonekera kuti anapangidwa mofulumira. Poyamba khosi liyenera kukhala loongoka bwinobwino, lopanda nsambo. Ndinatenga kalumo ka mpeni wodulira makatoni, kamene m'mphepete mwake ndi moongoka, n'kumakagoneka pa mafureti atatuatatu kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Fureti ya pakati ikakhala yotumphuka, kalumoko kamagwedera ndipo kamamveka kuti te te pa mafureti awiri a m'mbali. Ndinapeza mafureti angapo otere. Ena anali asanalowe bwino m'thabwa, ndipo kuwagogoda pang'onopang'ono ndi hamala nditatchinga ndi kathabwa kunawakhazika. Otsalawo ndinawadetsa pamwamba ndi cholembera chakuda, n'kuwakwecha mopepuka ndi sandipepa ya 400 yomatidwa pa chitsulo choongoka mpaka utoto wakudawo utayamba kuchoka mofanana paliponse. Fureti yokwechedwa imakhala yaphwatalala pamwamba, choncho iyenera kuzunguliridwanso m'mbali ndi katupa kakang'ono kufikira patatsala kamzere kopyapyala pakati, chifukwa pamenepo m'pamene nsambo iyenera kukhudza. Nsonga za mafureti za m'mphepete nazonso zinali zakuthwa zotha kucheka chikhatho, ndipo ndinazisalaza ndi katupa komweko nditamata tepi pa thabwa kuti lisakandike. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa maso ndi msana, koma amene aidumpha amadzakakamizika kukweza nsambo m'mwamba kwambiri kuti zisamakhudze mafureti otumphuka, ndipo gitala yotere imagwetsa ulesi wophunzira.

Pomanga zitsulo, timasikuluwu ta zochunira nsambo n'tofewa ndipo mtengo wa maple ndi wolimba, choncho tikalowetsedwa popanda kuboola kaye kadzenje timathyokera mkati. Ndinaboola kadzenje ka kalikonse ndi kukapaka phula la kandulo kasanalowe, ndipo ndinamanga ndi dzanja, osati ndi makina. Zochunirazo ndinazifoletsa pa mzere umodzi pogoneka lula kumbuyo kwake ndisanaboole.

Pa za mawaya ndinathandizidwa ndi bambo wina wokonza mawailesi ndi maampulifaya mumzinda muno, amene ali ndi soldering iron yabwino ndi mita yoyezera. Popeza mapikapu, siwichi ya malo asanu ndi mapoti (topotokola pokweza ndi posintha mawu) zinali zolumikizidwa kale, panatsala mawaya awiri opita ku jaki (polowetsa pulagi ya waya wopita ku ampulifaya) ndi umodzi wa earth wopita ku chitsulo chokolekapo masipuling'i kumbuyo kwa thupi. Pa jaki, waya wonyamula mawu umapita ku mwendo umene umakhudza nsonga ya pulagi, ndipo wa earth umapita ku mwendo wolumikizana ndi thupi la jakiyo. Mawayawa akasinthanitsidwa gitala imalirabe, koma ndi phokoso lalikulu limene limakula munthu akagwira nsambo. Bambowo anandichenjeza kuti tisagwiritse ntchito solder ya okonza mapaipi, imene ili ndi asidi wodya mawaya, koma ya zamagetsi yokhala ndi rosin mkati. Anayezanso mapoti n'kupeza kuti ndi a 250k, amene ndi oyenera mapikapu a koyilo imodzi, pamene mapikapu a makoyilo awiri, otchedwa humbucker, nthawi zambiri amayenda ndi a 500k. Tisanatseke, tinalumikiza ku ampulifaya n'kumagogoda pikapu iliyonse ndi nsonga ya sikuludiraiva posinthasintha siwichi, kuti timve ngati iliyonse ikuyankha pa malo ake.

Mapikapu a koyilo imodzi amatola kung'ung'udza kwa magetsi, amene kuno ku Zambia ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, ndipo phokosolo limakula pafupi ndi machaja a foni, mainiveta ndi mababu ena. Ndinamata pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya m'mabowo onse a thupi ndi kuseri kwa pickguard, n'kuonetsetsa ndi mita kuti zidutswa zonse zikukhudzana ndipo zalumikizidwa ku earth, chifukwa pepala losalumikizidwa silithandiza kanthu. Phokoso linachepa ndithu ngakhale silinatheretu, ndipo pa malo achiwiri ndi achinayi a siwichi, pamene mapikapu awiri amagwira ntchito limodzi, linatsala lochepa kwambiri.

Pali nkhani ina imene ndimaitenga kukhala yoposa zonsezi, chifukwa ikukhudza moyo. Nsambo za gitala ya magetsi zimalumikizana ndi thupi la ampulifaya kudzera mu waya wa earth uja. M'matchalitchi ambiri ndi m'misonkhano ya panja timagwiritsa ntchito jenereta ndi mawaya ataliatali a mitsempha iwiri yokha, ndipo mapulagi ena amachotsedwa mwendo wachitatu kuti alowe pena paliponse. Ampulifaya yotere ikawonongeka mkati, magetsi alibe kothawira koma m'nsambo, ndipo woimba amene wagwira nsambo n'kukhudza maikolofoni ndi mlomo ndiye amakhala njira yake. Mukamva kuluma ngakhale pang'ono pa zala kapena pa mlomo, lekani kuimba ndipo muitane wodziwa zamagetsi. Musadule waya wa earth wa m'gitala poganiza kuti mwathetsa vuto, pakuti vutolo lili ku ampulifaya ndi ku mawaya a nyumba.

Tsopano ndifike pa kuchuna gitala yonse, kumene ndinati ndiko kuli ntchito. Nsambo zimene zinabwera ndi kiti ndinazigwiritsa ntchito poyesera chabe, kenako ndinaika zatsopano za nambala 10 mpaka 46 (manambala osonyeza kunenepa kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu), chifukwa miyeso yonse imadalira kukula kwa nsambo zimene mudzaziimba. Nditazichuna pa E, A, D, G, B, E ndi pulogalamu ya pa foni, ndinazikoka pang'onopang'ono ndi chala n'kuchunanso mpaka zitasiya kutsika. Bridge ya Stratocaster imayandama pa masipuling'i, ndipo nsambo imodzi ikaduka zonse zimasokonekera. Popeza nyimbo zimene timaimba sizifuna kugwedeza mawu ndi chogwirira cha pa bridge, ndinamanga masikuluwu awiri a kumbuyo okoka masipuling'iwo mpaka bridge itagona pa thabwa, ndipo kuyambira pamenepo gitala imasunga kachunidwe kake mapemphero onse.

Choyamba kuyeza ndi kupindika kwa khosi. Nsambo zimalikokera kutsogolo, ndipo mkati mwake muli chitsulo chotchedwa truss rod chimene chimalimbana ndi kukokako. Khosi siliyenera kukhala loongoka kotheratu, koma lopindika pang'ono kwambiri kuti nsambo ipeze mpata wonjenjemera. Ndinapana nsambo pa fureti yoyamba ndi capo (kachipangizo kopanira nsambo zonse pa fureti imodzi), ngakhale pensulo yomangidwa ndi mphira imagwiranso ntchito, n'kudina nsambo yaikulu pa fureti yomaliza, kenako n'kuyang'ana mpata wa pakati pa nsamboyo ndi fureti ya 8. Mpata umenewu uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.25. Amakaniko ali ndi feeler gauge yoyezera mapulagi a galimoto, koma ngati mulibe, kachidutswa ka nsambo yopyapyala ya nambala 10 kali ndi kunenepa komweko, ndipo kayenera kulowa pampatapo kakukhudza pang'ono mbali zonse. Mpata ukakula, mumamanga truss rod ndi Allen key potembenuzira kumene imalowera mivi ya wotchi, ndipo ukachepa mumamasula. Musapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira pa nthawi imodzi, muzichunanso ndi kudikira pang'ono musanayezenso, ndipo ikalimba musaikakamize, chifukwa truss rod ikathyoka khosi lonse latha ntchito.

Khosi likakhazikika m'pamene mumayeza kutalika kwa nsambo kuchokera pa mafureti. A Fender amalangiza pafupifupi mamilimita 1.6 pa fureti ya 17. Ine nsambo zopyapyala ndinazisiya pamenepo, koma zazikulu ndinazikwezako kufika pa mamilimita 2, chifukwa poimba nyimbo za kayendedwe ka kalindula dzanja langa lamanja limamenya mwamphamvu. Saddle iliyonse ili ndi timasikuluwu tiwiri tokwezera, ndipo tiyenera kukwera mofanana kuti isapendekeke. Muziyeza nsambo iliyonse payokha ndi lula yachitsulo, pakuti pamwamba pa khosi ndi pokhota pang'ono ndipo nsambo ziyenera kutsata kukhotako.

Nut ndi kanthu kamene ambiri sakaganizira, koma pa kiti yanga ndiko kanali kolakwika kwambiri. Timipata take tinali tosazama, ndipo zotsatira zake zinali zakuti nsambo zosadina zimachunika bwino koma makodi a kumutu, monga C ndi D, amamveka okwera ndi owawa m'khutu, chifukwa chala chimakoka nsambo mtunda wautali isanafike pa fureti. Poyeza, mumadina nsambo pa fureti yachitatu n'kuyang'ana pamwamba pa fureti yoyamba, ndipo payenera kutsala kampata kochepa kwambiri kongolola kapepala kopyapyala. Timatupa topangira ntchito imeneyi sitipezeka m'masitolo a kuno, choncho ndinagwiritsa ntchito tizitsulo tokakala timene owotcherera zitsulo amatsukira kukamwa kwa tochi ya gasi, timene timabwera tosiyanasiyana kukula. Ndinkapala kawiri kapena katatu, n'kubwezera nsambo, n'kuyezanso, ndikupendeketsa kachitsuloko chakumutu kwa gitala kuti nsambo izichokera m'mphepete mwa kutsogolo kwa nut. Pano kufulumira kumawononga, chifukwa chimene mwapala sichibwereranso. Pomaliza ndinapaka mtovu wa pensulo m'timipatamo kuti nsambo zizitsetsereka pochuna.

Pambuyo pa zonsezi m'pamene pamabwera kulinganiza kutalika kwa nsambo iliyonse kuti gitala izilira moona khosi lonse. Mumachuna nsambo yosadina, kenako mumaidina pa fureti ya 12 mofatsa monga mmene mumadinira poimba, ndipo pulogalamu ya pa foni ija iyenera kuonetsa noti yomweyo. Ikakhala yokwera ndiye kuti nsambo yafupika, choncho saddle ibwerere kutali ndi khosi, ndipo ikakhala yotsika saddle isendere kufupi ndi khosi. Mukasuntha muzichunanso musanayeze. Mukamaliza mudzaona kuti masaddle aima ngati masitepe awiri a zitatuzitatu, ndipo zimenezo n'zoyenera. Chifukwa chake ntchito imeneyi imabwera mochedwa n'chakuti kusintha kulikonse kwa khosi, kwa saddle kapena kwa nut kumaisokoneza, ndipo amene ayamba nayo amaibwereza pachabe.

Mapikapu ndinamalizira. Nditadina nsambo pa fureti yomaliza, ndinasiya mpata wa mamilimita pafupifupi 2.4 kumbali ya nsambo zazikulu ndi 2 kumbali ya zazing'ono, kenako ndinasintha pang'ono motsata khutu kuti mapikapu onse atatu azimveka mofanana mphamvu. Kuwayandikitsa kwambiri n'cholinga chokweza mawu kumachititsa maginito kukoka nsambo, ndipo noti imamveka yogwederagwedera, yovuta kuichuna.

Mvula itakhazikika chakumapeto kwa chaka, nsambo zinayamba kukhudza mafureti a kumutu ngakhale kuti palibe chimene ndinasintha. Thabwa la pamwamba pa khosi linamwa chinyezi n'kufufuma, monga mmene chitseko cha thabwa chimakanira kutsekeka m'dzinja, ndipo kupindika kuja kunatha. Kumasula truss rod pang'ono kunabwezera zonse m'malo. M'chilimwe zimachitika mosiyana, pakuti thabwa limauma, nsambo zimakwera, ndipo nthawi zina nsonga za mafureti zimatulukanso m'mbali n'kufuna katupa kaja. Choncho ndimayeza khosi mvula ikayamba ndi pamene yatha, n'kuonanso pa fureti ya 12 ngati ndasinthapo kanthu. Gitala sindiisiya m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata masana a Okutobala, ndipo ndikamaliza kuimba ndimapukuta nsambo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta ndi chinyezi zimazichititsa dzimbiri msanga, pamene nsambo zabwino za gitala ya magetsi sizipezeka nthawi zonse kuno ndipo kawirikawiri timachita kutuma amene akupita ku Lusaka kapena ku Lilongwe.